Likongwe Alowetsa Apongozi M'bungwe

Padangokhala, kale lija nyama zikadali ndi midzi, maudindo ndi misonkhano ngati ife tomwe, padali Likongwe. Likongweyu adakwatira kumudzi kwa eni, nakhala pachikamwini. Mkazi wake adali Mwatitha, ndipo apongozi ake adali a Nachanza, gogo wopanda ndi dzino limodzi lomwe m'kamwa.

Mwambo wa kumeneko si wachilendo kwa inu. Mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake aakazi. Akakumana panjira amapatukira kutchire, ngakhale kutchireko kukhale chitedze chokhachokha. Polankhulana amadzera mwa munthu wina, kapena aliyense amayang'ana kwake n'kumauza mtengo. Koma chachikulu pa zonse, mkamwini sadya pamene pali apongozi. Ngakhale malovu amameza mobisa.

Zaka zoyamba zimenezi sizidamuvute Likongwe, poti gogoyo ankakhala kwawo kumapeto kwa mudzi. Mavuto adabwera ndi bungwe.

M'dzikomo mudali bungwe lolangiza za okalamba. Khomo lililonse linkapereka kangachepe, uyu mazira, uyu uchi, uyu chiwindi cha nyama, kuti nkhalamba zisagone ndi njala. Bungwelo ndilo linkalandira zonsezo n'kugamula zoti okalamba adye. Wapampando adali a Nyalugwe. Wosunga chakudya adali a Fisi. Inde, a Fisi, musandifunse amene adawasankha. Wosunga malamulo pamtima adali a Khwangwala. Nkhalamba m'bungwemo mudalibe ndi imodzi yomwe, ndipo misonkhano inkachitikira pamwamba pa thanthwe lalitali.

Ntchito yawo yaikulu idali kulawa. Ati chakudya cha okalamba n'chofunika kusamala, chingawatsegule m'mimba. Ndiye ankalawa mazira mpaka atsale makoko, kulawa uchi mpaka chikho chiwale, kulawa nyama mpaka fupa liyere kuti mbee. Zotsalazo ndiye zinkapita kwa nkhalamba. Nkhalamba zikalephera mafupawo, a Fisi ankadutsa khomo ndi khomo kutolera, ati kuopa kuti ana angaponde. Chifundo chake chimenecho, abale!

Njala itawakola, a Nachanza adayamba kulawirira m'mamawa ndi kamphasa kawo ndi fupa lawo, n'kudzakhala pakhomo pa Likongwe, pafupi penipeni ndi mafuwa. Ankakhala pomwepo mpaka dzuwa kulowa. Likongwe akabwera ndi mbewa zonona kapena mazira, Mwatitha ankaphika, fungo n'kudzaza bwalo lonse, mkamwini n'kumangoyang'ana kumwamba ngati akufuna mvula. Adayesa kukadyera kuseri kwa nkhokwe, koma gogo adati dzuwa lawawotcha, nasamutsira mphasa kuseri kwa nkhokwe komweko. Adayesa kulowa m'nyumba, gogo adati mphepo yazizira, nalowa nawonso. Kudyera kutchire kudali kosatheka, chifukwa mkamwini wobwera kunyumba ndi mlomo wonona amapatsidwa katundu wake tsiku lomwelo. Madzulo gogo ankakulunga zotsala m'tsamba, ati za mawa, ndipo Likongwe ankatsala ndi mphika woti anyambite.

Ngati kuti zimenezi zidachepa, gogoyo adali ndi nyimbo. Ankayamwa fupa lawo lija n'kumaimba ndi mawu onjenjemera. Nyimboyo inkafunsa fupa kuti nyama yake idapita kuti, fupa n'kuyankha kuti idakwera thanthwe ndipo siidatsikenso. Polekeza ankatulutsa kaphokoso koyamwa fupa, ndipo nthawi zonse mimba ya Likongwe inkalira pomwepo ngati ndiyo yovomera.

Nthiti za mkamwini zidayamba kuonekera kunja. Likongwe adakhala pansi n'kuganiza kuti gogoyu atalowa m'bungwe, azikadya komweko ndi kuswera komweko, iye n'kupezanso pakhomo pake. Adauza Mwatitha kuti mtima ukumupweteka ndi mmene amayi akuvutikira. Mwatitha adamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumchira.

Tsiku la msonkhano Likongwe adakwera thanthwe lija akupumira m'njira. Adapeza akuluakulu ali pakati pa ntchito, milomo ili noninoni. Adagwada, nawomba m'manja.

"Zikomo akuluakulu. Ndimati bungwe la okalamba likadakhala ndi wokalamba mmodzi, ngakhale wongokongoletsa. Apongozi anga a Nachanza alipo."

A Nyalugwe adaseka mpaka kutsamwa. A Khwangwala adakonza kukhosi, nafotokoza kuti khomo la bungwe n'lotsegukira aliyense, kungoti lamulo limati wofuna mpando afike pamsonkhano ndi miyendo yake, osabelekedwa, osakokedwa. Likongwe adasuzumira pansi pomwe adachokera. Gogo amene ankapuma asanawoloke bwalo akadakwera bwanji pamenepo? Adathokoza, natsika.

Msonkhano wotsatira utayandikira, adayendayenda mpaka adapeza mzere wa linthumbu, nyerere zofiira zija zimene zikaluma sizilekerera. Adatenga kachidutswa ka mafuta a nyama, nakakwekwereza pansi kuchokera pamzerepo mpaka pamwamba pa thanthwe. Mafutawo adawagwira m'manja njira yonse osanyambita, ndipo adalira misozi yeniyeni. Kenako adatuma Mwatitha kuti akauze amayi ake kuti pansi pa mkuyu wa m'munsi mwa thanthwe pali mthunzi wabwino.

Bungwe lidakhala, kulawa kudayamba. Woyamba kumva adali a Fisi. Adadumpha n'kudzimenya kumbuyo, a Nyalugwe nawadzudzula kuti asasokoneze msonkhano. Asanatsirize mawu, linthumbu lidawafika nawonso kumalo kumene mlendo safikako. Wapampando adatsika thanthwelo osaponda pansi, a Fisi adachita kugubuduka, a Khwangwala adauluka chagada. Onse adakumana pansi pa mkuyu akudzikanda. Pofuna kusunga ulemu, a Nyalugwe adalengeza kuti iwo adaganiza kale zosintha mpweya, choncho msonkhano upitirira pomwepo.

"Mwaswera bwanji, ana anga?" adatero mawu kuseri kwa tsinde.

Adali a Nachanza, ali tambalale pa kamphasa kawo. Likongwe adaima chapatali atafulatira, nauza chitsamba mokweza kuti apongozi ake afika pamsonkhano ndi miyendo yawo, ndipo aliyense waona.

A Khwangwala adazula nyerere kunkhwapa, navomera kuti lamulo loyamba lakwaniritsidwa. Koma padali lachiwiri: wolowa m'bungwe amayenera kutchulidwa ndi membala amene alimo kale. Adafunsa ngati alipo wofuna kutchula gogoyo. Padangoti zii, kupatula phokoso lodzikanda.

Mawa lake kamphasa kadali pakhomo monga mwa masiku onse. Nyimbo ija idali itakula, tsopano inkanenanso za nyerere zimene zidakwera thanthwe kukafuna nyamayo, koma polekeza padali pomwe paja, fupa kulira, mimba ya mkamwini kuvomera. Tsiku limenelo Mwatitha adakazinga ngumbi. Likongwe adadya fungo.

Adapita kukapeza a Fisi kudambo, komwe ankapaka matope m'malo otupa. Adawapepesa kaye za ngozi ija, nakhala pansi.

"A Fisi, membala aliyense amalandira gawo lake polawa, si choncho?"

"Ndi lamulo limenelo."

"Nanga membala wopanda mano, nyama yolimba ndi mafupa a mafuta aja angawatani?"

A Fisi adasiya kupaka matope. "Angapatse woyandikana naye."

"Ndipo watsopano amakhala pafupi ndi ndani?"

"Ndi amene wamutchula," adayankha a Fisi pang'onopang'ono, dovu likutsika.

Likongwe adatsazika, nati iye amangofunsa kuti adziwe.

Msonkhano wina udachitikiranso pansi pa mkuyu, poti linthumbu lidali litakhazikika pathanthwe paja. Usanayambe bwino, a Fisi adaimirira. Adalankhula mawu amene sadamvekepo chiyambire bungwelo. Ati nkhalamba ndiwo mizu yathu, ati iwo sagona tulo akaganiza za agogo, ati amayi awo omwe adamwalira opanda mano. Misozi ndi dovu zinkakumana pachibwano. Potsiriza adatchula a Nachanza, nasesa ndi mchira malo oti gogoyo adzakhale pambali pawo.

A Nyalugwe adawayang'ana ndi diso lofiira. Adadziwa kuti nkhalamba ikangolowa, kulawa kwatha. Choncho adatulutsa lamulo lachitatu pomwepo, lotentha ngati langophulidwa kumene, ndipo a Khwangwala, amene adali asanalimvepo, adagwedeza mutu kuti limeneli ndiye lakalekale. Lamulolo lidati wolangiza za chakudya cha okalamba azitha kudya chakudyacho pamaso pa onse. Wolephera alibe mpando. Mayeso adzachitika tsiku la chopereka, nyama zonse zitasonkhana, ndipo chakudya chake ndi fupa.

Likongwe adafunsa mwaulemu ngati lamulolo ndi la atsopano okha.

"La membala aliyense," adatero a Nyalugwe akuonetsa mano awo onse. "Ife mafupa timadya ngati bowa."

Apa Likongwe adabwerera kunyumba mtima uli pansi. Maso ankachita chidima ndi njala. Adaganizapo zongonyamula katundu wake n'kubwerera kwawo, koma Mwatitha ankamukonda, ndipo iye ankamukonda Mwatitha kuposa mazira, zimene kwa likongwe si nkhani yaing'ono. Adachita mantha kuti chimodzi chitha, kaya ndi banja kaya ndi iyeyo. Gogo adamulandira ndi nyimbo, ndipo ulendo uno mimba idavomera nyimbo isanafike n'komwe polekeza.

Likongwe adagona chagada kuseri kwa nyumba n'kumaganiza. Kumeretsa mano m'kamwa mwa gogo kudali kosatheka. Koma mano a enawo, kodi adalumbira kuti adzagwira ntchito tsiku limenelo? Adadzuka, natenga kankhwangwa kupita kutchire. Adatema mitengo ya utomoni, naphika ulimbo womata kwambiri, uja woti mbalame ikaterapo imaiwala zouluka. Adausakaniza ndi uchi, naumba mibulu yonyezimira, naiyala m'chikho.

Tsiku la chopereka nyama zidadzaza pansi pa mkuyu. Nkhalamba nazo zidabwera, poti tsopano malowo adali ofikika. Mafupa a mayeso adaikidwa pakati. Likongwe adafika chafutambuyo kuti asayang'anizane ndi apongozi, natula chikho chake patsogolo pa akuluakulu. Adati ichi n'chopereka cha pakhomo pake, uchi wa njuchi zolusa, wamphamvu kwambiri, ndipo akuopa kuti ungavulaze okalamba ngati sulawidwa bwino. Adapempha kuti olawa autafune ndi mano onse, mpaka a kumapeto.

Mwatitha adafunsa ngati amayi ake angalaweko. A Khwangwala adakana msanga, ati gogoyo sadakhale membala, lamulo silimulola. Atatero adalowetsa mlomo wonse m'chikho. A Nyalugwe adatenga mbulu waukulu. A Fisi adatenga iwiri, wina nauponya m'kamwa wapampando akuyang'ana kumbali. Adatafuna, natafuna, kenako kutafuna kudayamba kuchedwa, mpaka kudaima.

Likongwe adadikira pang'ono, nakumbutsa msonkhano kuti nthawi ya mayeso yakwana, ndipo ulemu ukufuna kuti ayambe ndi wapampando.

A Nyalugwe adanyamula fupa, nayesa kutsegula kukamwa. Nsagwada zidangoti gwa. Adayesa ndi zikhadabo, zikhadabo zidamatirira kundevu. A Khwangwala adapukusa mutu uku ndi uku, mlomo uli womata, nthenga yawo yomwe itakakamira kunsonga. Koma amene adamvetsa chisoni adali a Fisi. Fupa lonona lili pamphuno pawo, lawolawo, lololedwa ndi lamulo, iwo n'kumangolira ndi mphuno ngati kagalu kotsekeredwa panja. Nyama zidayamba kuseka mobisa, kenako zidaseka poyera.

A Nachanza adakwawira pakati. Adatola fupa, nalitembenuza, nalinunkhiza, napeza kabowo kumapeto. Ntchito imeneyi adali ataiphunzira nthawi yaitali pakhomo pa mkamwini. Adaika milomo, nakoka mpweya, ndipo mafuta onse a m'kati adatuluka ndi phokoso limene lidamveka mpaka kudambo. Adameza, napukuta pakamwa, nauzira m'fupamo, fupa n'kulira ngati chitoliro. Nthungululu idabuka.

Gogo adakweza dzanja. Adakumbutsa anthu lamulo la wapampando, lakuti wolephera kudya chakudya cha okalamba alibe mpando, ndipo adati monga akuonera, membala watsala mmodzi. M'bungwemo mudali chizolowezi chakuti nkhani ikaperekedwa, wotsutsa amalankhula, ndipo pakakhala chete ndiye kuti yavomerezedwa. A Nyalugwe ankachikonda chizolowezi chimenechi, chifukwa ndani akadatsegula pakamwa iwo akuyang'ana?

"Ndikuti mpando waukuluwo ndikhalepo ine," adatero a Nachanza. "Wotsutsa alankhule."

A Nyalugwe adabuula m'mphuno, maso ali tong'o.

"Ndamva, mwana wanga, wavomera. Usachite kulira, ndi udindo chabe."

Nkhalamba zonse zidayamba nyimbo ya fupa ija, khamu lonse likuvomera, ndipo ulendo uno fupa lidayankha kuti nyama yatsika. Polekeza, aliyense adayamwa mlomo wake, ana ndi akulu omwe, moti mbalame zidathawa mumkuyumo.

Tsiku lomwelo gogo adadzaza mipando. Adalowetsa a Nungu amene minga idali itathothoka, a Mfuko osaona, ndi nkhalamba zina zimene zinkatha kukhala tsonga. Adagamula kuti misonkhano izichitikira pansi, pamthunzi, ndipo wolawa chakudya cha okalamba akhale wokalamba. A Fisi sadawathamangitse. Adawapatsa ntchito yotumikira bungwe, malipiro ake mafupa, ndipo ulimbo utasungunuka a Fisi adanena okha kuti bungwe latsopanoli ndi lachilungamo.

Kutacha, Likongwe adasuzumira panja. Kamphasa kaja padalibe. Adazungulira nkhokwe, adasuzumira m'nyumba, adayang'ana ngakhale padenga. Pakhomo padali phee. Mwatitha adaphika mazira ndi mbewa zonona, nazipakula m'mbale yaikulu. Likongwe adasamba m'manja, nakhala pakati penipeni pa bwalo, miyendo tambalale ngati mwini mudzi. Adasankha mbewa yonenepa kuposa zonse, naikweza.

Pomwepo padafika a Fisi ali wefuwefu. Ati wapampando akumufuna tsopano lino, asachedwe ndi kanthu kalikonse. Likongwe adapempha kuti angoluma kamodzi. A Fisi adati iwo adauzidwa kuti tsopano lino, ndipo mbewayo angamusungire. Likongwe adapita manja adakali onyowa.

Pansi pa mkuyu nkhalamba zidakhala mozungulira, pakati pali uchi, mazira ndi chiwindi chofewa. Likongwe adakhala kumapeto atafulatira. A Nachanza adalengeza kuti bungwe lagwirizana zokhala ndi membala mmodzi wachinyamata, wamiyendo ndi wanzeru, woti azikhala pamsonkhano uliwonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo misonkhanoyo izichitika tsiku ndi tsiku. Adati bungwe silidavutike kusankha. Nkhalamba zidawomba m'manja. A Nungu adabwera ndi gawo la membala watsopano, mbale yodzaza mpaka kusefukira, naiika pamaso pake penipeni.

Likongwe adayang'ana mbaleyo, mutu udazungulira. Adauza mtengo kuti wathokoza kwambiri ulemu umenewu, koma iye ndi wosayenera, ndi mkamwini chabe, alipo ena anzeru kuposa iye. Adapempha kuti wotsutsa aloledwe kulankhula. A Nachanza adati nthawi yotsutsa idadutsa iye adakali m'njira. Kenako adatembenukira kutsinde la mkuyu.

"Mkuyu iwe, uwauze akamwini angawo kuti ndidawaona zaka zonsezi ali okhuta. Nzeru zawo zonse zinkathera pa mazira a eni, ife tikuyamwa mafupa. Ndidangokhala pakhomo pawo pang'ono, taona, bungwe latsika pathanthwe. Kodi ankayesa kuseri kwa nkhokwe kuja ndinkatsata mthunzi?"

Nkhalamba zidaseka ndi nkhama zokhazokha. Likongwe adamva manyazi mpaka kunsonga ya mchira. Iye amene adapusitsa Nyalugwe, Fisi ndi Khwangwala, adali atayendetsedwa ngati mbuzi yapachingwe ndi gogo wopanda mano.

"Uwauzenso," adapitiriza a Nachanza, "kuti nyumba za nkhalamba zikudontha, ndipo mvula yayandikira. Zikafoleredwa, ine ndidzayamba kumva mutu nthawi ya chakudya, n'kumakagona kunyumba."

Likongwe adameza malovu mobisa, nafunsa mtengo kuti zodonthazo ndi ziti.

"Zonse," adayankha gogo, akuswa dzira.

Likongwe adakhala pomwepo, maso ali pambale, mimba ikulira, ndipo msonkhano usanafike pakati adali atayamba kale kuganiza mmene angapusitsire Njovu kuti isenze udzu.

Yanga yathera pamenepa. Amene muli pachikamwini, yambani mwasuzumira panja musanavundukule mphika.